Mabowo Anayi pa Lamba Wanga

Kabwata, Lusaka
14 Malichi 2005

Wokondedwa Eness,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino pamodzi ndi mwana wathu Thandazani, amayi ako ndi onse pamudzipo. Ine kuno ndili bwino, chifuwa chija ndinanyamuka nacho chinatha.

Ntchito ndaipeza, mkazi wanga. Lamulungu ukayimbe mokweza kutchalitchi. Si ya ulonda ija ndinkayembekeza ayi. Ndi pamalo ogulitsira khofi ku Kabulonga, dera la anthu a mipanda italiitali ndi agalu onenepa kuposa mbuzi zathu. Usaganize za tiyirumu ya pa Kamwendo ija ya makapu achitsulo. Kuno khofi amaphika ndi makina otulutsa nthunzi, amathiramo mkaka wa thovu, chokoleti ndi manyuchi, pamwamba n'kuunjikapo kirimu woyera mbee.

Wondiphunzitsa ntchito ndi mayi wina wa Chibemba, ba Chishimba. Kuno aliyense ndi "ba", moti mwamuna wako wasanduka ba Norbert, uzindilemekeza. Tsiku loyamba ndinaona mayiyu akukhuthulira theka la jagi ya mkaka mu sinki. Ndinamugwira dzanja osadziwa. Ndinati kwathu ku Mchinji mkaka timauona pa Khirisimasi, inu mukuupereka ku mapaipi? Anaseka mpaka kugwira tebulo. Anati lamulo la pano ndi lakuti mkaka wotsala mu jagi, ndi kapu iliyonse imene talakwitsa kapena kasitomala wabweza, wantchito amwe kapena ataye. "Imwani ba Norbert, ise tinalema nayo," anatero. Ndiye kuyambira tsiku limenelo sinki ya pano ikugona ndi njala, zonse zikupita m'mimba mwanga.

Ndikuthokoza Mulungu. Anzanga amene tinatsika nawo basi pa Intercity ena akunyamulabe katundu wa anthu pamutu.

Mlongo wako Davies akabwera kudzaoda kaunjika ku msika wa Soweto kuno ndimupatsa chitenje chako ndi nsapato za Thandazani. Umuyese mwanayo phazi ndi kachingwe, Davies abwere nako. Mbuzi yaikazi ija musagulitse.

Ndine mwamuna wako,
Norbert


Kabwata, Lusaka
21 Ogasiti 2005

Eness wanga,

Moni kwa nonse. Ndamva kuti chimanga chakutherani msanga chaka chino chifukwa cha mvula ija inadula. Ufa ndatumiza kwa Davies, mugawireko amayi ako ndi amalume. Ine ndili bwino, mwina bwino mopitirira, uona wekha pa chithunzi ndaikamochi. Usafunse kuti bambo wa masayayo ndani. Ndine ndemwe. Malaya amene tinachitira ukwati sakutsekanso mabatani, lamba ndagula wina wautali ku City Market.

Patsiku ndimamwa makapu asanu, tsiku lotanganidwa asanu ndi awiri, chifukwa anthu akachuluka zolakwika zimachulukanso. Amene ndimamukonda ndi khofi wotchedwa moka, wamkulu wa ayisi: chokoleti pansi, manyuchi kanayi, kirimu mpaka kutayikira. Ukadzabwera ndidzakupangira ndi manja angawa, udzaiwala dzina la mudzi wanu.

Koma anthu a ndalama, Eness, sindiwamvetsa. Pali mayi wina wa ku Woodlands, mayi Pearl, namwino wopuma ntchito. Amabwera m'mawa uliwonse n'kuitanitsa kapu yaing'ono, mkaka wochotsa mafuta uja wooneka ngati madzi otsukira mpunga, kirimu ayi, shuga ayi, kaufa konunkhira ka sinamoni kokha pamwamba. Ndinamumvera chisoni. Ndinati mayi wabwinobwino azimwa zowawa pamaso panga? Tsiku lina ndinamuthirira manyuchi pang'ono mobisa, mwa ulere. Anangolawa kamodzi n'kundikodola.

Sanakalipe. Anatenga masupuni a patebulo n'kuyamba kuwandandalika, mpaka kubwereka a patebulo lina. Anati moka wanga uja ali ndi shuga wokwana masupuni khumi ndi awiri, osawerengera mafuta a kirimu. Anati pali chinthu chotchedwa makalori, ndiyo mphamvu ya m'chakudya, imene thupi likalephera kuigwiritsa ntchito limaisunga m'mimba ndi m'khosi. Ine ndinati, "Mayi, kwathu zimenezo timazitcha madalitso." Anandiyang'ana pamimba nthawi yaitali, kenako anati ndimupangire ina.

Chithunzicho upachike pabalaza, aone amene ankati ndikafera m'tauni.

Wako,
Norbert


Kabwata, Lusaka
5 Febuluwale 2006

Wokondedwa Eness,

Ndinafika bwino, ngakhale basi inatifera pa Nyimba maola atatu. Ndikhulupirira muli bwino nonse ndipo feteleza wa makuponi uja munathira nthawi yake.

Ndikuthokoza mmene munandilandirira pa Khirisimasi. Amalume ako, amene pa chinkhoswe chathu ankati mkamwini wawo ndi wowonda ngati mpini wa khasu, anandipatsa mpando wawo n'kumandiitana kuti bwana. Amayi ako anandithirira masupuni asanu mu tiyi, chaka cha njala ngati chino. Ndinaona mmene unkayendera pambali panga popita kutchalitchi. Sindinakuonepo ukunyada chotero, ndipo ndinakondwa kuti ndine ndakunyaditsa.

Ntchito ikuyenda. Kungoti kuno kwatentha modabwitsa, ludzu silikundichoka. Ndikumwa madzi ngati ng'ombe, ndipo ba Chishimba akundiseka kuti kuchimbudzi ndaikako sitolo. Timapepala ta maoda tayamba kuoneka mwa mbuu, mwina ndi bolopeni wa atsikana operekera. Kachilonda kaja ndinapunthwa pachala ndili kumudzi sikanapolebe, koma ndi nsapato izi.

Mayi Pearl anandiona ndikutsimphina. Anandifunsa mafunso angapo ngati wapolisi, kenako analemba kapepala n'kundiuza kumene ndipite nako. Nkhani yake ndi yaing'ono, ndidzakuuza tikadzaonana.

Thandazani asamasewere ku dambo, ino ndi nthawi ya malungo.

Wako,
Norbert


Kabwata, Lusaka
9 Epulo 2006

Make Thanda,

Kalata yako ndinaiwerenga katatu, kachinayi ndinawerengera ba Chishimba. Ndiye Khirisimasi ija inatisiyira mphatso eti? Ndavina ndekha m'chipinda muno ngati wopenga. Uyambe sikelo msanga, ndipo mtolo wa nkhuni usamasenze, a Davies ali ndi njinga. Ine ndili bwino.

Udzaseka ukamva kuti mwamuna wako wasanduka mphunzitsi wa khofi wowawa. Amayi a ku Kabulonga ofuna kuchepetsa thupi akafika amati, "Tifuna ba Norbert." Ndimawauza zimene ndinaphunzira kwa mayi Pearl. Kirimu wa pamwamba chotsani, ameneyo ndi woongolera maso chabe. Kapu tengani yaing'ono. Manyuchi musadule tsiku limodzi, lilime limakwiya: sabata ino katatu, ya mawa kawiri, mpaka lizolowere. Mkaka ukhale wochotsa mafuta, ndipo ukauwiritsa bwino thovu lake limanamiza pakamwa. Sinamoni amanunkhira ngati chinthu chotsekemera pamene alibe kanthu. Mmodzi anabwera kudzandionetsa siketi imene anaisiya zaka zitatu zapitazo, ataivala.

Inenso ndikumwa zomwezo, kapu imodzi patsiku. Mphunzitsi sangamalalikire zimene sachita.

Chimene chinandivuta si lilime, ndi mtima. Tsiku loyamba kukhuthulira mkaka mu sinki ndinkaona nkhope ya Thandazani. Ndinapirira masiku anayi, lachisanu ndinati ayi, tchimo ili sindilitha. Ndinatenga msomali n'kulemba timizere m'kati mwa jagi, ka kapu yaing'ono, ka yapakati, ka yaikulu. Tsopano ndimathira wokwanira ndendende, wotsala palibe, wotaya palibe, womwa palibe. Bwana ataona anati majagi onse alembedwe chimodzimodzi.

Minibasi ndinasiya, ndimayenda wapansi kuchoka ku Kabwata kudzera ku Woodlands, ola limodzi ndi pang'ono. Msomali womwe uja ndinabooleranso bowo pa lamba, thalauza linayamba kutsetsereka. Kuchipatala ndinapitako kawiri katatu, chala chinapola.

Wapempha chithunzi china choti uonetse anzako a ku sikelo. Wojambula uja anasamuka, uzionetsa chakale chomwecho.

Wako,
Norbert


Kabwata, Lusaka
11 Juni 2006

Eness,

Moni. Iyi ndi kalata yachitatu osalandira yankho. Kodi uli bwino? Mwana ali m'mimbayo akugunda?

Mwezi watha ndinakumana ndi Davies ku Soweto kuti ndimupatse bulangete lako. Anandidutsa kawiri osandizindikira. Nditamuitana anaima n'kundiyang'ana kuyambira kukhosi mpaka m'chiuno, maso n'kukhazikika pa lamba. Mabowo alipo anayi tsopano, ndipo msomali suboola mokongola. Ndinagula botolo la madzi kuti timwere limodzi ngati kale, iye anati alibe ludzu. Dzuwa lili pamutu, munthu wasenza belo la kaunjika.

Sindikudziwa chimene wakanena kumeneko. Ngati pali chimene wamva, undifunse ine mwini wake. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Undiyankhe ngakhale mizere iwiri.

Norbert


Kabwata, Lusaka
2 Julayi 2006

Mkazi wanga Eness,

Moni ndikupereka, koma za moyo wanga lero ndinena zoona, osati "ndili bwino" wa masiku onse uja.

Kalata ya amalume ako yafika. Akuti Davies anandipeza nditatha ngati munthu wa matenda a masiku ano. Akuti ndayenda ndi akazi a m'tauni iwe uli ndi pakati, ndipo azimayi akuluakulu anena kuti chifukwa cha ine udzavutika pochira. Akuti ndisapondenso pamudzi panu, nyumba imene ndinaumba njerwa zake ndi manja anga ndiiwale. Ndamvanso kuti chithunzi chija unachitsitsa.

Ndinakwiya, sindibisa. Ndinafuna kukwera basi kudzamugwira Davies pakhosi. Koma ba Chishimba anandifunsa funso limodzi: "Nanga imwe munabauza chani bakazi banu?" Davies ananena zimene maso ake anaona. Wolakwa wamkulu ndine, amene ndinatseka pakamwa.

Ndili ndi matenda a shuga, Eness. Kapepala kaja ka mayi Pearl kanali kokayezetsa magazi. Adokotala ataona zotsatira anandifunsa ngati ndabwera ndekha wapansi. Anati ndikapitiriza makapu aja, chala chija chidzadulidwa, kenako phazi, kenako maso. Anandipatsa mapiritsi, n'kunena kuti mankhwala enieni ndi kuchepetsa thupi. Thupi lija unkanyadira, lija amalume anandipatsira mpando, ndilo linali matenda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bwanji sindinakuuze? Ndinachita manyazi. Ndinkakumbukira mmene unkayendera pambali panga pa Khirisimasi. Unavutika nane zaka zinayi anthu akukuseka kuti unakwatiwa ndi mmphawi, ndiye kanthu kamodzi kamene ndinakupatsa kokweza nako mutu ndikakulande? Kenako unandiuza za mimba, ndinati ndisamudetse nkhawa. Ndimayesa ndikukuteteza, pamene ndikukukumbira dzenje.

Mkazi wina sindinamudziwe, Mulungu ndi mboni. Koma mawu anga panopa ndi otchipa, ndikudziwa. Ndaikamo khadi langa la kuchipatala, upite nalo kwa adokotala a pa Kamwendo akuwerengere. Za kachilombo ndinayezetsanso, pepala lake ndi lachiwirilo, ndilibe. Ukakayika kuti mapepala amagulidwa, ndine wokonzeka kubayidwanso chala iwe ukuona, kulikonse kumene unganene.

Chimene sindingachite ndi chimodzi. Amalume alemba kuti ngati sindikudwala ndibwezeretse thupi langa lakale, aone. Eness, kunenepa ndi kosavuta, sinki ili pomwepa, miyezi iwiri yokha ndikhoza kudzaza malaya aja. Koma ndikatero mudzalandira bwana wa masaya chaka chino, chaka cha mawa n'kumunyamula. Ndikufuna kudzaona mwana ali m'mimbayo akupita kusukulu. Musandiuze kuti ndisankhe nyumba kapena moyo, ine ndikufuna zonse ziwiri, ndipo ndikukufuna iwe.

Ndikhululukire chifukwa cha kukhala chete kwanga.

Mwamuna wako,
Norbert


Kabwata, Lusaka
8 Okutobala 2006

Wokondedwa wanga Eness,

Uthenga wafika Lachitatu ndili pa makina. Mwana wamkazi, wachira bwinobwino, dzuwa lisanafike pamutu zonse zinali zitatha. Ndinakhala pansi pa simenti, pa ntchito, makasitomala akuona. Ba Chishimba anayimba nthungululu mpaka mzungu wina anataya khofi pa nyuzipepala yake. Ndili bwino, ndipo ulendo uno ndi zoona: shuga watsika, adokotala achepetsa mapiritsi.

Azimayi aja ankati udzavutika chifukwa cha ine, akuti chiyani tsopano? Usawayankhe, ungowapatsa mwanayo anyamule.

Pali zimene sindinathe kunena pamaso pako utabwera kuno mu Julayi muja. Ndizilembe. Mkazi wa mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, wosadziwa Lusaka, kuwauza amalume ake kuti akupita ku sikelo ku boma, n'kuwoloka malire, n'kukwera basi ya ku Chipata tsiku lathunthu. Ine sindinakupemphe zimenezo, sindikanayerekeza. Pa Intercity unandidutsa nawenso ngati mlongo wako, ukufunafuna bambo wa pachithunzi. Nditati "make Thanda" unatembenuka, ndipo ndinaona mantha pankhope pako. Sunandipatse moni. Unangoti, "Tiyeni kuchipatalako." Pa benchi paja tikudikira zotsatira unakhala kumapeto, chikwama pakati pathu. Namwino atatiwerengera tonse awiri kuti tilibe kachilombo, unangochotsa chikwamacho n'kuchiika pansi. M'moyo mwanga palibe munthu anandichitirapo chinthu chachikulu chotero.

Ndimasekabe ndikakumbukira za moka uja. Ndinalonjeza chaka chatha, ndiye ndinakupangira wamkulu, kirimu mpaka kutayikira. Mayi Pearl anasiya tebulo lawo n'kudzakundandalikira masupuni khumi ndi awiri aja. Unawerenga ndi chala, n'kufunsa kuti, "Kasanu patsiku?" Kenako unandiyang'ana ngati mmene umamuyang'anira Thandazani akadya dothi. Unamwa theka, theka linalo unakakhuthula wekha mu sinki, iwe amene sutaya ngakhale mkute. Mayi Pearl akupereka moni, ndipo atumiza kashawelo ka mwana.

Ndamva kuti thalauza langa lalikulu lija unapita nalo latuluka akabudula awiri a Thandazani. Mwaona, kunenepa kuja sikunapite pachabe.

Kalata ya amalume yafika pamodzi ndi uthengawo. Ndi yaifupi, ukuwadziwa. Sanapepese, angoti mkamwini abwere adzatchule dzina la mwana, ndiponso denga la nyumba yake likufuna udzu mvula isanagwe. Nyumba yake, Eness. Ndawerenga mawu awiriwo mpaka pepala lafewa. Davies umuuze asandithawe, bulangete analifikitsa, ndipo madzi tidzamwera botolo limodzi.

Tchuthi andipatsa pa 20. Dzina ndili nalo kale, koma ndidzanena ndikadzamunyamula.

Ntchito imodzi ndikupatse ndisanafike, ndipo ndi yovuta kuposa ya amalume. Ukhale pansi ndi amayi ako uwafotokozere bwinobwino za tiyi. Ndikudziwa asunga kale paketi ya shuga ya mkamwini, ndipo ndikadzakana adzalowa m'nyumba kukalira kuti ndikadali ndi mangawa. Uwauze kuti sindikukana iwo. Andithirire tiyi wopanda kanthu m'kapu yomwe ija ya maluwa, ndidzamwa awiri.

Za lamba ndamvera. Pokwera basi unagwira mabowo aja n'kunena kuti, "Apa pakwana bambo, musabooleponso, ndisadzakudutseni kachiwiri." Adokotala nawonso akuti thupi lafika pake. Msomali uja ndaupereka kwa ba Chishimba asungire majagi.

Chithunzi chatsopano ndaikamo. Wojambula sanasamuke, ndinanama. Upachike chimenechi, ndipo pa 20 ukabwera pa siteji uchitenge m'manja.

Ndine mwamuna wako wothokoza,
Norbert